Mavuto a kanema wa dijito m'dera la Kabudula

Mavuto a kanema wa dijito ndi zovuta zimene zimachititsa kuti wailesi ya kanema ya m'nyumba isaonetse bwino, monga chithunzi kuima kapena kuphwanyikaphwanyika, mawu kudukaduka, matchanelo kusowa, kapena TV kungolemba kuti No Signal. M'dera la T/A Kabudula, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, komanso m'madera oyandikana nalo monga Nsaru, Nambuma, Mpingu ndi Namitete, anthu amaonera kanema pogwiritsa ntchito eriyo kapena dishi. Nthawi zambiri vuto silikhala mu dikoda kapena mu TV. Limakhala pa eriyo, pa chingwe kapena pa magetsi. N'chifukwa chake amisiri amayamba kufufuza zinthu zimenezi asanauze munthu kuti agule dikoda ina.

Mbiri

Wailesi ya kanema yoyamba m'Malawi, Television Malawi, inayamba kuulutsa mu 1999, ndipo pambuyo pake inaphatikizidwa ndi Malawi Broadcasting Corporation. Nthawi imeneyo kanema ankaulutsidwa m'njira yakale ya analogi. Mu 2006 mayiko a mu Africa, Europe ndi Middle East anagwirizana ku Geneva, pansi pa bungwe la International Telecommunication Union, kuti pofika pa 17 Juni 2015 akhale atasamukira ku dijito. Mu 2010 mayiko a SADC anasankha njira ya DVB-T2 kuti ndiyo azigwiritsa ntchito.

M'Malawi muno ntchito yofalitsa siginolo ya dijito ya pansi inaperekedwa ku kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, yomwe anthu amaidziwa ndi dzina la dikoda yake, Kiliye Kiliye. Nyumba zoulutsira monga MBC TV, Times TV ndi Zodiak TV zimakonza mapologalamu, ndipo wofalitsa ndiye amawatumiza kudzera pa nsanja zake. GOtv imagwiritsanso ntchito nsanja za pansi, pamene DStv ndi Azam TV zimadzera pa setilaiti. Bungwe loyang'anira zonsezi ndi MACRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998.

Mmene siginolo imafikira m'nyumba

Siginolo ya pansi imachoka pa nsanja n'kuyenda mu mpweya ngati mafunde a UHF, pakati pa 470 MHz ndi 694 MHz. Danga limeneli linagawidwa m'zigawo za 8 MHz, kuyambira nambala 21 mpaka 48. Pa analogi chigawo chimodzi chinkanyamula tchanelo chimodzi, koma pa dijito chimanyamula matchanelo ambiri nthawi imodzi. Ichi n'chifukwa chake matchanelo amasowa m'magulu: chigawo chimodzi chikakanika, onse amene ali m'menemo amapita limodzi.

Mafunde a UHF amayenda molunjika ndipo amafooka akamatalikira. Kabudula ali pa chigwa cha Lilongwe, pomwe palibe mapiri ambiri, koma timapiri, mitengo italiitali monga bulugama, ndi madenga a malata zimatchinga kapena kubweza mafundewo. Nyumba ziwiri za m'mudzi umodzi zikhoza kusiyana: ya pamtunda n'kumagwira bwino, ya kumunsi kufupi ndi dambo n'kumavutika.

Siginolo ya setilaiti imachokera pa mtunda wa makilomita pafupifupi 35,786 pamwamba pa equator. Popeza Malawi ali kummwera kwa equator, madishi amaloza kumpoto, kumpoto chakum'mawa kapena kumpoto chakumadzulo, malinga ndi setilaiti imene kampani ikugwiritsa ntchito. Dishi imasonkhanitsa mafunde n'kuwaponya pa kachipangizo ka kutsogolo kwake kotchedwa LNB, komwe kamalandira mphamvu ya mavoti 13 kapena 18 kuchokera ku dikoda kudzera m'chingwe chomwecho.

Kusiyana kwa dijito ndi analogi

Pa analogi siginolo ikafooka, chithunzi chinkachita mchenga koma munthu ankaonerabe. Dijito simatero. Dikoda imatha kukonza yokha zolakwika zing'onozing'ono, kotero chithunzi chimakhala chowala ngakhale siginolo ili yochepa. Zolakwikazo zikapyola malire, chithunzi chimaphwanyika kukhala timabokosi, kenaka chimazimiratu. Motero nyumba imene siginolo yake ili pafupi ndi malirewo ikhoza kuonera bwino kwa miyezi, n'kudzataya zonse tsiku limene mphepo yasuntha eriyo pang'ono chabe.

Madikoda ambiri amaonetsa mizere iwiri m'gawo la Signal Information: Strength ndi Quality. Mzere woyamba umayeza kukula kwa mphamvu imene ikulowa, wachiwiri umayeza kuyera kwa siginoloyo. Wofunika kwambiri ndi wachiwiri. Strength ikakwera koma Quality ili pansi, ndiye kuti eriyo yaloza molakwika kapena pali china chimene chikusokoneza. Mizere yonse ikakhala pa 0, kawirikawiri chingwe chaduka kapena chazuka.

Zimene zimayambitsa mavuto

Eriyo ndi dishi. Eriyo yofala ndi ya timitengo tachitsulo tondondozana, yotchedwa Yagi-Uda, yomwe inapangidwa ku Japan mu 1926 ndi Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi. Imagwira bwino mbali imodzi yokha, ndipo mbali ya timitengo tatifupi ndiyo imayenera kuloza ku nsanja. Kwa munthu wa ku Kabudula, mzinda wa Lilongwe uli kum'mawa mopendekera kummwera. Kumudzi eriyo imamangidwa pa nsungwi kapena pa mlongoti wa bulugama, ndipo mtengowo umapindika, umadyedwa ndi chiswe, kapena umazungulira ndi mphepo ya mwera ndi akamvuluvulu a m'chilimwe. Dishi nayo imataya siginolo ikasuntha pang'ono kwambiri, makamaka ngati inakhomedwa pa khoma la njerwa zosawotcha kapena pa mtengo.

Chingwe. Choyenera ndi chingwe cha coaxial cha ma ohm 75, monga RG6. Kawaya ka pakati ndi timawaya ta ukonde ta m'mbali siziyenera kukhudzana. Ngakhale kawaya kamodzi kakakhudza, siginolo imatayika. Madzi a mvula akalowa pa mfundo, mkati mumachita dzimbiri. Chingwe cholumikiza mopotokola ndi manja, chopanikizidwa ndi chitseko kapena chotafunidwa ndi makoswe kudenga chimafooketsanso siginolo. Chingwe chikatalika kapena chikagawidwa ku ma TV awiri, mphamvu imachepa.

Nyengo. Mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo imasokoneza kwambiri setilaiti, chifukwa madontho amameza mafunde a Ku band, omwe ali pakati pa 10.7 GHz ndi 12.75 GHz. Chithunzi chimabwerera chokha mtambo ukadutsa. Nthawi yomweyi mitengo imachita masamba ambiri, ndipo masamba onyowa amatchinga eriyo imene inkagwira bwino m'chilimwe. Chakumapeto kwa Marichi ndi chapakati pa Seputembala dzuwa limadutsa kumbuyo kwenikweni kwa setilaiti, ndipo siginolo ikhoza kuduka kwa mphindi zochepa masana kwa masiku angapo.

Magetsi. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, koma nyumba zambiri za kumudzi zimadalira sola ndi batire. Batire ikatsika madzulo, dikoda imazima n'kuyakanso yokha kapena imalephera kupatsa LNB mphamvu. Inveta zotchipa, matchaja ndi mababu ena a LED zimatulutsa phokoso la mafunde lomwe limasokoneza siginolo zikakhala pafupi ndi chingwe.

Nsanja za foni. Mafunde a pamwamba pa 694 MHz, omwe kale anali a kanema, anaperekedwa ku ntchito za mafoni. Eriyo yokhala ndi busita pafupi ndi nsanja ya foni ikhoza kudzazidwa ndi mafunde amenewa. Busita imakweza siginolo pamodzi ndi phokoso lomwe, choncho sithandiza eriyo yoloza molakwika.

TV yosagwirizana. Ma TV akale ndi ena ogulidwa akaunjika alibe DVB-T2. Ochokera ku Japan amagwiritsa ntchito ISDB-T, a ku United States ATSC, ndipo ena akale a ku Europe ali ndi DVB-T yoyamba. Onsewa amafunika dikoda yapadera.

Kusakanso matchanelo

Kusakanso matchanelo, komwe ambiri amati kusetcha, kumafunika wofalitsa akasintha mafunde, akawonjezera tchanelo, kapena banja likasamuka. Pali njira ziwiri. Auto Search imayendera zigawo zonse yokha. Manual Search imafuna kuti munthu alembe nambala ya chigawo kapena mafunde ake; mwachitsanzo chigawo 21 ndi 474 MHz, chigawo 22 ndi 482 MHz, kumangowonjezera 8.

Madikoda ambiri amafufuta mndandanda wakale asanayambe kusaka. Kusetcha pamene kulibe siginolo, monga mvula ikugwa kapena nsanja itazima, kumachotsa ngakhale matchanelo amene analipo. Choncho Quality iyenera kukhala itakhazikika kaye. Mndandanda ukasokonekera, Factory Reset imabwezeretsa dikoda mmene inalili yatsopano, ndipo posetanso pamafunika kusankha dziko loyenera.

Dongosolo lofufuzira vuto

Amisiri amayamba ndi zosafuna ndalama:

1. Kufunsa anthu oyandikana nawo amene ali ndi dikoda yofanana. Ngati onse sakuonera, vuto lili ku nsanja ndipo palibe choyenera kukhudza.
2. Kuona ngati TV ili pa AV kapena HDMI pamene dikoda yalumikizidwa. Mawu oti No Signal nthawi zina amachokera ku TV, osati ku dikoda.
3. Kuzimitsa dikoda pa soketi kwa mphindi imodzi n'kuyatsanso, ndi kuona mphamvu ya batire.
4. Kuyendera chingwe chonse ndi mfundo zake.
5. Kuzunguliza eriyo pang'onopang'ono wina akuyang'ana mzere wa Quality, kenaka kumanga molimba.
6. Kusakanso matchanelo.

Uthenga wa pa TV umathandizanso. Pa DStv ndi GOtv, E48-32 imasonyeza kuti siginolo sikufika, pamene E16 imasonyeza kuti tchanelocho n'chotseka chifukwa cha malipiro. Vuto la malipiro silithetsedwa pogwedeza eriyo. Njira yotsimikizira ngati dikoda yafadi ndi kukaiyesa pa eriyo kapena dishi ya mnansi imene ikugwira bwino.

Chitetezo

Mlongoti wa eriyo umakhala wautali kuposa denga, kotero ukhoza kukopa mphezi. Kukayamba ziphaliwali, chingwe cha eriyo ndi pulagi ya magetsi zimayenera kuzulidwa mvula isanafike pafupi, ndipo munthu sayenera kukwera padenga kapena kugwira mlongoti. Eriyo siyenera kuimikidwa pamalo pamene ikagwa ingakhudze mawaya a ESCOM. Chingwe cha dishi chimalumikizidwa dikoda ili yozimitsa, chifukwa chimanyamula magetsi. Mkati mwa TV, makamaka zakale za chimsana, mumatsala magetsi amphamvu ngakhale itazimitsidwa, ndipo kuitsegula ndi ntchito ya mmisiri.