Nyimbo Zomveka Zamakedzana Zimene Zinakulira ku London

Ambiri akamva nyimbo za Dead Can Dance amaganiza kuti ndi zamakedzana, pomwe mayimbidwe amenewa ndi a m'zaka za m'ma 1980. Lisa Gerrard ndi Brendan Perry anayambitsa gululi ku Melbourne mu 1981, kenako anasamukira ku London, komwe kampani ya 4AD inkatulutsa zimbale zawo. Poyamba ankadalira magitala olira mwachisoni ngati magulu a gothic, koma Gerrard ankaimbanso yangqin, choimbira cha ku China cha nsambo zambiri chimene amachimenya ndi timitengo tiwiri. Pa chimbale cha Aion cha 1990 gululi linaikamo Saltarello, nyimbo yovinira ya ku Italy ya m'zaka za m'ma 1300.

Ena amati uku n'kusokoneza miyambo ya eni ake. Dandauloli n'lomveka, chifukwa nyimbo ikachotsedwa pabwalo lake imataya zina. Komabe olemba akale anangosiya kayendedwe ka Saltarello papepala, osatchula zoimbira. Aliyense woiimba lero amachita kusankha yekha ng'oma ndi liwiro, choncho gululi linachita zomwe akatswiri a nyimbo zakale amachitanso, kungoti silinanamizire kuti likubwezeretsa zenizeni.