Khansa ya prostate: mmene madokotala amatengera kamnofu kokayeza

Ambiri mwa ife amene tikukhala kunja tinaonapo bambo kapena amalume atalandira kalata ya kuchipatala yokhala ndi mawu akuti PSA, MRI ndi biopsy, n'kuipinda osauza munthu. Mwina ndi ife ana amene timapemphedwa kuiwerenga. Tiyeni tione zimene mawuwa akutanthauza.

Chiyambi chake

Prostate ndi kachiwalo ka amuna kamene kali m'munsi mwa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo. Kukula kwake n'ngati dzira la nkhunda, ndipo kamapanga ena mwa madzi a umuna. Bungwe la Prostate Cancer UK limanena kuti ku Britain mwamuna mmodzi mwa 8 alionse adzadwala khansa ya kachiwaloka, koma pakati pa amuna akuda ndi mmodzi mwa 4. N'chifukwa chake limalimbikitsa amuna akuda kukambirana ndi dokotala akangofika zaka 45.

Kawirikawiri dokotala amayamba ndi kuyeza PSA m'magazi. PSA ikakwera sindiye kuti munthu ali ndi khansa, chifukwa imakweranso prostate ikangokula kapena ikatupa. Chimene chimatsimikizira ndi biopsy, kumene ndi kutenga timinofu ting'onoting'ono ndi singano n'kukatiyeza pa maikulosikopu.

Kujambula kaye

Kale madokotala ankatenga timinofu 10 kapena 12 m'mbali zosiyanasiyana za prostate, osadziwa pamene chotupa chili. Nthawi zina singano inkaphonya khansa yoopsa, nthawi zina n'kupeza yosaopsa imene sikanamuvutitsa munthuyo.

Masiku ano zipatala zambiri zimayamba ndi MRI, makina ojambula m'thupi pogwiritsa ntchito maginito. Chithunzicho amachipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 5. Ikakhala 1 kapena 2, khansa yoopsa siikayikiridwa kwenikweni, ndipo ena sachitidwanso biopsy. Ikakhala 3 pali chikayiko, pamene 4 kapena 5 ndiye kuti pakufunika kuyezedwa.

Kafukufuku wa PRECISION, amene anatsogoleredwa ndi University College London n'kufalitsidwa mu 2018, anayerekezera njira ziwirizi pa amuna 500. Mwa amuna 100 alionse amene anayamba ndi MRI, 38 anapezeka ndi khansa yofunika chithandizo, pamene njira yakale inapeza 26. Mu 2019 bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zachipatala ku England, linalangiza kuti MRI izichitika biopsy isanachitike.

Kolowera singano

Pali njira ziwiri. Pa njira zonsezi dokotala amalowetsa kachipangizo ka ultrasound kotulukira chimbudzi kuti aziona prostate.

Pa njira ya transrectal, singano imaboola khoma la thumbo. Imachitika msanga, koma mabakiteriya a m'thumbo angathe kulowa m'magazi, choncho wodwala amapatsidwa mankhwala opha mabakiteriya.

Pa njira ya transperineal, singano imalowera pakhungu la pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi. Popeza siidutsa m'thumbo, matenda obwera ndi mabakiteriya amachepa, komanso imafika mosavuta mbali ya kutsogolo kwa prostate. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, ndipo ena amawagonetsa.

Kulunjikitsa singano pachotupa

Dokotala angathe kuyang'ana chithunzi cha MRI n'kulondolera singano ndi maso pa ultrasound. Njira ina, yotchedwa fusion, kompyuta imasanjikiza chithunzi cha MRI pa cha ultrasound kuti malo okayikitsa aonekere. Yachitatu ndi yotenga kamnofu munthu ali m'makina a MRI momwemo, koma imatenga nthawi ndipo imapezeka m'zipatala zochepa.

Zofunika kukumbukira

Wodwala auze dokotala ngati akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, koma asawasiye yekha. Anenenso ngati ali ndi chitsulo kapena pacemaker m'thupi asanalowe mu MRI.

Biopsy ikatha, kuona magazi pang'ono mu mkodzo kwa masiku angapo, kapena mu umuna kwa milungu ingapo, si zachilendo. Koma thupi likatentha, munthu akamanjenjemera kapena akalephera kukodza, apite kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti kuche.

Khansa ikapezeka, amaipatsa Grade Group kuyambira 1 mpaka 5. Ya gulu 1 imakula pang'onopang'ono, ndipo ambiri amangowayang'anira powayeza nthawi ndi nthawi.

Si bambo aliyense angamasuke kukamba za ziwalo zimenezi mwana wake akumva. Ku Britain NHS imapereka womasulira kwaulere ngati mwapempha pasadakhale. Ife ana tingathe kulemba mafunso papepala, kuperekeza makolo athu, n'kudikira panja. Mafunso ake ndi awa: MRI yaonetsa nambala iti? Singano idzalowera njira iti? Zotsatira zidzatuluka liti? Paja safunsa anadya phula.