Mbiri ya utsi: zimene boma lachotsa mu mpweya wathu ndi zimene zatsala

Masabata apitawa takhala tikukamba za chifuwa cha ana. Tsiku lina pamsika bambo wina anandifunsa kuti, "Iwe mwana, malamulo olembedwa ku Maputo angathandize bwanji mwana wa kuno kumapiri?" Lero ndiwayankha bambo amenewa ndi mbiri ya utsi wa magalimoto ndi wa malasha.

Tiyambe ndi mafuta a galimoto, petulo uja amene ena timati gazolina. M'zaka za m'ma 1920, makampani a ku America anayamba kuthira mtovu mu petulo kuti injini isamagogode, ndipo mchitidwewu unafalikira dziko lonse. Mtovu ndi chitsulo cholemera chimene chimakhala m'kati mwa batire ya galimoto. Pa Chipwitikizi amati chumbo. Galimoto ikamayenda, mtovuwo unkatuluka ndi utsi n'kugwera m'fumbi la m'mbali mwa msewu. Mwana wokwawa amagwira dothi n'kuika chala m'kamwa. Mtovu ukalowa m'thupi mwa mwana umawononga ubongo ndipo umachepetsa magazi. Mwanayo amavutika kugwira zimene aphunzitsi akunena, makolo n'kumamukalipira kuti ndi waulesi.

Mayiko olemera anayamba kale kusiya mafuta amenewa, koma kuno ku Africa tinapitiriza kuwagwiritsa ntchito. Mu Juni 2001, nthumwi za mayiko a mu Africa zinakumana ku Dakar, m'dziko la Senegal, n'kugwirizana kuti chaka cha 2005 chikamatha petulo wa mtovu akhale atatha. Pofika 2006, mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kuphatikizapo Mozambique ndi Malawi, anali atasiya. Dziko lomaliza padziko lonse linali Algeria, mu 2021. Ambiri mwa ife achinyamata tinakula osadziwa n'komwe kuti panali poizoni wotere. Njinga zamoto zadzaza m'misewu yathu lero. Taganizani zikanakhala kuti iliyonse ikulavula mtovu pakhomo pa sukulu.

Chachiwiri ndi dizilo, amene amayendetsa malole onyamula mbatata ndi fodya, zigayo ndi majenereta. Mu dizilo mumakhala sulufule. Akachuluka, utsi umakhala ndi tinthu ting'onoting'ono timene timalowa mpaka pansi pa mapapo, n'kudzutsa mphumu ndi matenda a mtima. Mu 2017, Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe anatsitsa mlingo wa sulufule mu dizilo kuchoka pa magawo 500 kufika pa magawo 50 pa miliyoni. Anachitira limodzi chifukwa mafuta ambiri a mayiko atatuwa amalowera padoko la Beira.

Apa pali phunziro. Mafuta amalowa m'dziko kudzera pa madoko owerengeka, monga Beira ndi Nacala. Boma likatseka khomo pamenepo, mafuta oipa safika ku Ulongwe kapena ku Zóbuè. Lamulo lotere limagwira ntchito ngakhale ife tili mtulo.

Nkhani ya malasha ndi yosiyana. Nkhondo itatha mu 1992, boma linakhazikitsa unduna woona za chilengedwe mu 1994. Mu 1997 panatuluka lamulo la chilengedwe, Lei 20/97, ndipo mu 2004 panatuluka Decreto 18/2004, imene inaika malire a utsi ndi fumbi zimene mafakitale, malo opangira magetsi ndi magalimoto angatulutse. Ife a ku Tete tili ndi mwayi umodzi. Magetsi a ku Cahora Bassa, damu limene linamalizidwa mu 1974 pa mtsinje wa Zambezi, amapangidwa ndi madzi, ndipo satulutsa utsi. Achibale athu amene anagwirako ntchito ku Mpumalanga, ku South Africa, amadziwa mmene kumwamba kumaonekera kumene magetsi amapangidwa potentha malasha. Kumeneko khoti lalikulu la ku Pretoria linagamula mu 2022 kuti mpweya woipa wa m'deralo ukuphwanya ufulu wa anthu.

Komabe malasha ali pakhomo pathu. Ku Moatize, kampani ya Vale inayamba kukumba malasha mu 2011, ndipo mu 2022 mgodiwo unapita m'manja mwa kampani ya Vulcan. Malasha ambiri amapita kunja pa sitima, koma fumbi limatsala. Anthu okhala pafupi ndi mgodi akhala akudandaula za fumbi lakuda logwera pa zovala, pa madzi ndi pa ufa woyanika. Mu Okutobala 2018, anthu a ku Bagamoyo, m'tauni ya Moatize, analowa mumgodi n'kuimitsa makina, ndipo mbali ina ya mgodiwo inaima kwa masiku ambiri. Lamulo la 2004 linalipo kale nthawi imeneyo. Koma fumbi silidutsa pa khomo limodzi ngati mafuta. Limafuna munthu woyeza tsiku ndi tsiku, ndi anthu osatopa kulankhula. Mwana wosalira amafera mu mbereko. Zokamba zomanga malo opangira magetsi ndi malasha m'chigawo chathu zakhala zikumveka kwa zaka zambiri, choncho nkhaniyi tisaiwerengere kutali.

Ndiye bambo anga a pamsika paja, yankho ndi limeneli: malamulo ena anatithandiza kale, ena akudikira pakamwa pathu. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 90, amati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala pamalo abwino, ndiponso udindo wowateteza.

Udindowo uyambe pakhomo. Amayi ogulitsa pamsewu, lole ikaima injini ikulira, sunthani mwana kumbali ina, asakhale kuseri kwa paipi ya utsi. Madalaivala, mukaima kudikira katundu, zimitsani injini. Jenereta isalire m'nyumba yogona, chifukwa utsi wake umapha munthu ali mtulo. Batire yakutha musaiswe kapena kuisungunula pabwalo, mtovu uja ukadali m'menemo. Mwana akamapuma mofulumira kapena nthiti zikamalowa m'kati, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, kayezetseni. Ndipo ngati chigayo kapena fakitale ikufukiza utsi pafupi ndi sukulu, kauzeni amfumu ndi komiti ya zaumoyo, nkhaniyo ikafike ku boma.

Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi, tidzakambe za utsi wa kukhitchini.