ZIMBABWE: Zofunika kudziwa pa kuopsa kwa mankhwala a chikanga

HARARE - Chikanga ndi nthenda imene imachititsa khungu kuuma, kuyabwa kwambiri, kung'aluka ndipo nthawi zina kutuluka madzi. Nthendayi sipatsirana. Ana ambiri amayamba kudwala asanakwanitse zaka zisanu, makamaka m'mabanja amene muli odwala mphumu, pamene akuluakulu ena amaitenga chifukwa cha zinthu zimene amagwira pa ntchito.

Ku Graniteside, dera la mafakitale loyandikana ndi Mbare ndi Sunningdale mumzinda wa Harare, anthu ambiri amagwira simenti, penti, oyilo wa galimoto ndi sopo wamphamvu, ndipo zonsezi zimatha kuyambitsa chikanga cha m'manja. Vutoli limakula m'nyengo yozizira ndi youma, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Popeza kuonana ndi dokotala kumafuna ndalama ndi nthawi, odwala ena amangogula mankhwala odzola kwa ogulitsa a m'misewu ndi m'misika. Mankhwala a chikanga amathandiza kwambiri akagwiritsidwa ntchito moyenera, ndipo kuopsa kwake kumadalira mphamvu yake, malo amene munthu akudzola ndi kutalika kwa nthawi imene akudzola.

Masiteroidi odzola

Mankhwala amene madokotala amadalira kwambiri ndi a m'gulu la masiteroidi. Oyamba mwa iwo, a hydrocortisone, anayesedwa pakhungu m'chaka cha 1952 ndi madokotala awiri a ku America, Marion Sulzberger ndi Victor Witten. Masiku ano mankhwalawa ali m'magulu malinga ndi mphamvu zake. Hydrocortisone wa 1 peresenti ndi wofooka, betamethasone valerate wa 0.1 peresenti ndi wamphamvu, ndipo clobetasol propionate wa 0.05 peresenti ndi wamphamvu zedi, moti munthu wamkulu saloledwa kupitirira magalamu 50 pa sabata.

Masiteroidi amphamvu akadzoledwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi, khungu limapyapyala, limachita mizere yosafufutika ngati ya pamimba pa mayi amene anaberekapo, ndipo timitsempha ta magazi timayamba kuonekera. Ena amatuluka ziphuphu kumaso ndi kuzungulira pakamwa, ena amamera tsitsi pamalo amene amadzolapo. Pakhungu lakuda, malowo amayezuka n'kusiyana ndi thupi lonse. Kumaso, m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche ndi malo amene amawonongeka msanga chifukwa khungu lake ndi lopyapyala kale. Kudzola pazikope kwa nthawi yaitali kungayambitse ng'ala kapena matenda a glaucoma, amene amapha maso pang'onopang'ono.

Makanda ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Khungu lawo limamwa mankhwala mosavuta, makamaka pamalo ophimbidwa ndi thewera. Mankhwala ochuluka akalowa m'magazi, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timachepetsa ntchito yake yopanga mahomoni. Mwana amatha kutupa nkhope, kunenepa modabwitsa ndi kuchedwa kukula. Kwa akuluakulu, zimenezi zingakweze shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Vuto lina limabwera munthu akasiya mwadzidzidzi mankhwala amene wakhala akudzola kwa nthawi yaitali: khungu limatentha ngati moto, limasenda, ndipo zidzolo zimafalikira kuposa poyamba. Bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain la MHRA linachenjeza za vutoli m'chaka cha 2021, ndipo mu 2024 linalamula kuti mphamvu ya masiteroidi izilembedwa pa paketi.

Mankhwala a m'misewu

Ku Zimbabwe, mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la Medicines Control Authority of Zimbabwe, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1997. Betamethasone ndi clobetasol sayenera kugulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Ngakhale zili choncho, timachubu ta Diproson, Movate ndi Epiderm timapezeka m'misika, ndipo ambiri amatigula ngati mafuta oyeretsa khungu. Bungweli lakhala likuchenjeza anthu za malonda amenewa. Ku Malawi udindo wotere uli m'manja mwa bungwe la PMRA, ndipo ku Zambia uli m'manja mwa ZAMRA.

Wogula mumsewu amakhala alibe womupima kuti adziwe ngati akudwaladi chikanga. Zipere ndi mphere zimayabwanso ndipo zimafanana nacho. Siteroidi akadzoledwa pa chipere, kuyabwa kumachepa kwa masiku angapo, koma tizilombo timafalikira ndipo chiperecho chimasintha maonekedwe, moti ngakhale a zachipatala amavutika kuchizindikira. Zidzolo zoyabwa zosamva mankhwala zimathanso kukhala chizindikiro cha kutsika kwa chitetezo cha m'thupi chifukwa cha kachilombo ka HIV, ndipo kuziphimba ndi siteroidi kumachedwetsa munthu kukayezetsa.

Mafuta ena oyeretsa khungu amasakanizidwa ndi hydroquinone, amene akadzoledwa kwa zaka amadetsa khungu ndi mawanga osachoka. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli m'chaka cha 1975, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990.

Mafuta ofewetsa khungu

Maziko a chithandizo cha chikanga ndi mafuta ofewetsa khungu, koma nawonso ali ndi mbali yofunika kusamala. Aqueous cream, amene ndi wotchipa ndipo amapezeka m'nyumba zambiri kum'mwera kwa Africa, kawirikawiri amakhala ndi sodium lauryl sulphate, mankhwala a mtundu wa sopo. Ofufuza a ku University of Bath anapeza m'chaka cha 2010 kuti mafutawa amapyapyalitsa khungu lakunja, ndipo mu 2013 bungwe la MHRA linachenjeza kuti angathe kuwotcha ndi kuyabwitsa khungu, makamaka la ana odwala chikanga. Amayenera kugwiritsidwa ntchito posamba m'malo mwa sopo, osati kudzola n'kukhala nawo.

Mafuta onunkhiritsa, a camphor, a lanolin ndi mankhwala a zilonda a neomycin amayambitsa ziwengo mwa anthu ena. Mafuta ngati Vaseline sayabwitsa kawirikawiri, koma akalowerera m'zovala ndi m'zofunda, nsaluzo zimayaka msanga. Mu 2018 bungwe la MHRA linanena kuti chenjezo limeneli likukhudza mafuta onse ofewetsa khungu. Mfundoyi ndi yofunika m'makomo amene amaphika pa moto wa nkhuni, gasi kapena palafini ndi kuunikira makandulo magetsi akazima.

Mankhwala ena

Tacrolimus ndi pimecrolimus ndi odzola amene alibe siteroidi ndipo sapyapyalitsa khungu, koma amatentha m'masiku oyamba. Mu 2006 bungwe la FDA ku America linaika chenjezo la khansa pa mankhwalawa, ngakhale kafukufuku wa zaka zotsatira sanatsimikize kuti amayambitsa khansa.

Mapiritsi a chlorpheniramine amachititsa tulo, zomwe ndi zoopsa kwa oyendetsa galimoto ndi makina. Promethazine sayenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana zaka ziwiri chifukwa angamulepheretse kupuma. Mapiritsi a prednisolone amaziziritsa chikanga msanga, koma chimabwereranso mwamphamvu akasiyidwa, ndipo kumwa nthawi yaitali kumafooketsa mafupa ndi chitetezo cha m'thupi. Ciclosporin amawononga impso. Methotrexate amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, amakhudza chiwindi ndipo ndi woletsedwa kwa amayi oyembekezera. Jakisoni wa dupilumab, amene anavomerezedwa mu 2017, nthawi zina amatupitsa ndi kufiiritsa maso.

Muyezo woyenera

Kuopa masiteroidi mopyola muyezo kumavulazanso. Chikanga chosathandizidwa chimasowetsa mwana tulo, ndipo mabala a kukanda amalowa tizilombo n'kuchita mafinya. Madokotala amalangiza kudzola kamodzi kapena kawiri pa tsiku, pamalo odwala pokha, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako n'kupumira. Muyezo wake unafotokozedwa mu 1991: mankhwala ofinyidwa kuyambira kunsonga ya chala cha mkombaphala mpaka pamzere woyamba amalemera pafupifupi theka la galamu, ndipo amakwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu.

Wodwala ayenera kupita kuchipatala ngati chikanga sichikusintha pakatha masabata awiri, ngati chayamba mafinya, kapena ngati patuluka timatuza tambiri topweteka pamodzi ndi kutentha thupi. Mumzinda wa Harare, chithandizo chimayambira ku makiliniki a khonsolo, amene amatumiza odwala kwambiri ku zipatala zazikulu za Parirenyatwa ndi Sally Mugabe.