Kutentha kwa oyilo mu injini za mathiraki a dizilo

Pa mathiraki akuluakulu ambiri a dizilo, oyilo wa mu injini amakhala pakati pa madigiri 90 ndi 110 a Celsius galimoto ikakhala pa ulendo. Pokwera mtunda wautali ndi katundu wodzaza, monga pa Chiweta kapena pochoka ku Chikwawa kulinga ku Blantyre, oyilo akhoza kufika 115 kapena 120 kwa kanthawi, n'kutsikanso mtunda ukatha. Malire enieni amasiyana malinga ndi injini ndipo amalembedwa m'buku la galimotoyo, koma injini zambiri zimayamba kuchenjeza muyezo ukadutsa 120. Mathiraki a ku America, monga Freightliner ndi International, nthawi zambiri amawerenga mu Fahrenheit: 212 ndi chimodzimodzi 100 a Celsius, ndipo 250 ndi pafupifupi 121.

Madalaivala ena amada nkhawa akaona geji ya oyilo yaposa ya madzi, chonsecho ndi mmene ziyenera kukhalira. Madzi amasungidwa ndi thermostat pakati pa 80 ndi 95, pamene oyilo amafika kumene madzi safika: amapoperedwa kunsi kwa mapisitoni, amadutsa m'mabering'i a crankshaft ndi a turbo, n'kutola kutentha konseko. Akatero amalowa mu oil cooler, mmene madzi a injini omwewo amamuziziritsa. Madziwo sangachotse kutentha mu oyilo pokhapokha oyiloyo atawaposa, choncho kusiyana kwa madigiri 5 mpaka 15 n'kwabwinobwino. M'mawa zimatembenuka: madzi ndiwo amayamba kutentha, oyilo amabwera pambuyo. Dalaivala amene amaponda moto atangoona geji ya madzi yakwera amakhala akuthamangitsa injini oyilo akadali wolimba.

Oyilo akatentha mopitirira amapyapyala, mphamvu yake m'mapaipi imatsika, ndipo zitsulo zimayamba kukhudzana. Amawonongekanso msanga: akatswiri a oyilo amawerengera kuti madigiri 10 alionse owonjezera amachulukitsa kawiri liwiro limene oyilo amaguga nalo. Kuzizira nakonso n'koipa. Thiraki yongolira itaima usiku wonse, monga zimachitikira pa mizere ya pachipata cha Mwanza, siifikitsa oyilo pa kutentha kochotsa chinyezi ndi dizilo wodonthera mu sampu, ndipo pang'onopang'ono mumapangika phala lakuda. Nambala 40 ya pa chigubu cha 15W-40 imanena za kulimba kwa oyiloyo pa madigiri 100, pafupi ndi pamene injini imagwirira ntchito yake.

Manambala onsewa alibe phindu ngati geji ikunama, ndipo mageji amanama kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira. Geji imalandira uthenga kuchokera ku sensa yomangidwa mu sampu kapena pafupi ndi fyuluta. M'kati mwa masensa ambiri muli kachipangizo kamene kamalola magetsi kudutsa mosavuta kakamatentha. Choncho chilichonse chotsekereza magetsi panjira, monga dzimbiri pa polumikizira, chimachititsa geji kusonyeza muyezo wotsika. Bodza loopsa ndi limeneli, chifukwa dalaivala amayenda mtima uli m'malo oyilo akupsa. Sensa ya waya mmodzi imamaliza njira yake ya magetsi kudzera m'mazinga ake, ndiye makaniko akakulunga tepi yochuluka pomanga amaitsekereza yekha. Waya wosupuka wokhudza chitsulo cha galimoto amachita zosiyana: muvi umathamangira kumapeto ngakhale injini ili yozizira. Sensa ya kampani ina pa geji ya kampani ina nayonso siipereka zoona, ngakhale mazinga atakwana bwino.

Kuyesa koyamba n'kosavuta. Thiraki ikagona usiku wonse, oyilo, madzi ndi mpweya wakunja zimakhala zofanana kutentha. Pa injini zoyendetsedwa ndi kompyuta, makaniko amalumikiza makina ounikira asanalize injini, ndipo muyezo umene wapatuka pa inzake ndiwo uli ndi vuto. Makina omwewo amathandiza poyenda, chifukwa mageji ena amakono anapangidwa kuti muvi uzikhala pakati ngakhale kutentha kukusinthasintha.

Njira ina ndi ya kamakina koyezera kutentha kongoloza. Amakaloza pa fyuluta kapena pa sampu galimoto itangoima, pamalo opaka penti, chifukwa chitsulo chonyezimira chimapereka muyezo wotsika. Kunja kwa chitsulo kumazizirirapo pang'ono kuposa oyilo wam'kati, ndiye kusiyana kochepa sikodetsa nkhawa.

Yotsimikizika kwambiri ndi ya madzi owira. Makaniko amamasula sensa, kuisiya pa waya wake, kulumikiza thupi lake ku chitsulo cha galimoto ngati ili ya waya mmodzi, n'kuviika nsonga yake m'poto wa madzi obwata kiyi ali wotsegula. Apa mpofunika kusamala: madzi amawira pa 100 pamalo otsika ngati m'mphepete mwa nyanja yamchere pokha, ndipo muyezowo umatsika digiri imodzi pa mamita pafupifupi 300 alionse okwera. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumene n'kokwera mamita oposa 1,000, geji yoona isonyeze 96 kapena 97. Ku Nsanje, kumene n'kotsika, isonyeze pafupifupi 100. N'zomvetsa chisoni kutaya sensa yabwino chifukwa chosadziwa zimenezi.

Geji ikapezeka yoona koma oyilo akutenthabe, amayamba kuona mlingo wa oyilo, kenako rediyeta ngati yatsekeka ndi fumbi kapena udzu, komanso fani. Madzi akakhala bwinobwino koma oyilo wawaposa ndi madigiri oposa 20, nthawi zambiri oil cooler ndiyo yatsekeka m'kati. Zikachitikira pamtunda, dalaivala atsitse giya, apeze poima, ndipo asiye injini ikulira kwa mphindi zingapo asanaizimitse, kuti oyilo wotsala mu turbo asapserere pa mabering'i.