MBIRI YA NSINGANO YOLASA PANSI PA KHUNGU

Inu abale a ku Migodi ndi a m'matauni, ambiri a inu munasiya makolo ku Kasenengwa ndi m'midzi ina yozungulira Chipata. Mudziwa kuti munthu wa kumudzi akagwidwa ndi nthenda yaikulu, cimsautsa si nthenda yokha ai, koma ulendonso. Cipatala ca khansa ca ku Lusaka cili pa mtunda woposa makilomita 500. Lero tikambe za kanthu kakang'ono kamene kangacepetse masautso otere.

Kuika mankhwala pansi pa khungu si nzeru yacilendo kwathu. Makolo athu anali kutema mphini napakamo mankhwala, koma mphini inalibe muyeso. Muyeso unadza mu 1853, pamene Alexander Wood wa ku Edinburgh ndi Charles Pravaz wa ku Lyon, yense payekha, anapanga jekiseni wa nsingano yabowo.

Mu 1922, ku Toronto, mnyamata wa zaka 14 wodwala shuga analasidwa insulin napulumuka. Insulin ndiwo mankhwala ocokera ku zamoyo. Mukawamwa, mimba iwagaya monga igaya nyama. Cifukwa cake ayenera kulasidwa. Tsono mu 1975, ku Cambridge, Köhler ndi Milstein anapeza njira yopangira ma antibody a mtundu umodzi, ndiwo asilikali a m'magazi osankhidwa kukantha mdani mmodzi.

Apa panabuka bvuto. Asilikaliwa afunika ambiri ndithu, koma pansi pa khungu palandira mililita imodzi kapena awiri, osafika ndi theka lomwe la kasupuni ka tiyi. Akawaunjika m'timadzi tocepa cotere, mankhwala alimba ngati uci. Tayesani kuyamwa uci ndi phesi la udzu! Bowo la nsingano likacepa ndi theka, mphamvu yokankhira ifunika kukula ka 16. Nsingano yaikulu ipweteka, yaing'ono ikana. Motero odwala anali kulandira mankhwalawa m'mtsempha, atagona pa diripi mphindi 30 kufikira 90.

Akatswiri anayesa njira zitatu. Yoyamba ndiyo kupyapyalitsa citsulo ca nsingano kuti bowo likule osakuza bala. Yaciwiri ndiyo timakina tokankha tokha ndi sipuling'i, ndi tina tomata pa mimba tolowetsa mankhwala pang'onopang'ono. Yacitatu ndiyo kufewetsa mnofu. Mu 1928, ku New York, Francisco Duran-Reynals anapeza cinthu cothandiza madzi kuyenda pansi pa khungu, cimene pambuyo pake cinachedwa hyaluronidase. Cimasula mnofu kwa tsiku limodzi kapena awiri, monga khasu limasula nthaka kuti mvula ilowe. Ndi cimeneci, mu 2013 maiko a ku Ulaya analola trastuzumab, mankhwala a khansa ya m'mawere, kulasidwa pa nchafu: mamililita 5 m'mphindi zosapitirira zisanu.

Nanga kuno ku Africa? Mu 2024 anafalitsa za kuyesa kumene kunacitika ku Mali: ana a zaka 6 kufikira 10 analasidwa kamodzi antibody yochedwa L9LS, ndipo pa muyeso waukulu malungo anacepa ndi magawo 77 pa 100 m'miyezi isanu ndi umodzi. Mu 2025 Zambia inali mwa maiko oyamba mu Africa kulandira lenacapavir, yoteteza ku HIV. Imeneyi siicokera ku zamoyo, koma nayonso njolimba, ndipo ilasidwa pansi pa khungu kawiri kokha pa caka.

Komatu walira mvula walira matope. Ma antibody ngokwera mtengo, ndipo afuna kusungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ca kufakitale kufikira ku dzanja la namwino. Diripi ifuna bedi ndi wodziwa kupeza mtsempha. Jekiseni wa pakhungu angaperekedwe pa cipatala cacing'ono ca kumudzi, malinga pakhale firiji, magetsi ndi namwino wophunzitsidwa. Nzeru ya nsingano yapezeka kale. Catsala ndico kuifikitsa ku Kasenengwa.