Kusonkhanitsa makobidi a Aroma akale

Mu April 2010, bambo wina dzina lake Dave Crisp ankayendayenda m'munda pafupi ndi tauni ya Frome ku Somerset, m'dziko la England, atanyamula makina ofufuzira zitsulo pansi. Makinawo atalira anakumba pang'ono, n'kupeza mtsuko waukulu wodzaza ndi makobidi. Sanauzule ayi. Anaukwiriranso n'kukaitana akatswiri, omwe atawerenga anapeza makobidi 52,503 a m'nthawi ya Aroma, olemera pafupifupi makilogalamu 160. Lero ali ku Museum of Somerset mumzinda wa Taunton.

Nkhani ya ku Frome ikutithandiza kumvetsa chifukwa chake makobidi ambiri a Aroma sadula. Aroma analamulira Britain kuyambira chaka cha 43 AD mpaka cha m'ma 410, ndipo mu ufumu wawo wonse, kuchokera ku Spain mpaka ku Syria ndi ku Egypt, ankasula ndalama zosawerengeka. Popeza munthu wamba analibe kosungitsa ndalama, ambiri ankazikwirira m'mitsuko, ndipo ena anamwalira asanazifukule. N'chifukwa chake kakobidi kamkuwa ka zaka 1,700 mutha kukagula ndi mapaundi ochepa chabe, mtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa chakudya chamasana.

Ndalama yodziwika kwambiri ya Aroma ndi denarius, yasiliva, yomwe inayamba cha m'ma 211 BC. M'nthawi ya mfumu Augustus, denarius imodzi inkafanana ndi ma sestertius anayi kapena ma as 16, ndipo madenarius 25 ankapanga aureus imodzi, yagolide. Anafe si alendo kwenikweni kwa denarius. Kwacha isanabwere, mu 1968 ku Zambia ndi mu 1971 ku Malawi, mitengo m'sitolo inkalembedwa m'mapaundi, mashileni ndi makobiri, ndipo chizindikiro cha kobiri chinali "d". Agogo akamakumbukira mtengo wa 3d kapena 6d, "d" ameneyo ndi chidule cha denarius. Ndi ndalama yomweyinso imene Buku Lopatulika limaitcha rupiya latheka, pa fanizo la antchito a m'munda wamphesa ndi pa nkhani ya msonkho wa Kaisara. Ambiri amati imene anaonetsa Yesu inali ya mfumu Tiberius, yemwe analamulira kuyambira 14 mpaka 37 AD, ndipo poti oifuna ndi ochuluka, mtengo wake umafika mapaundi mazanamazana. Si yoyambira imeneyo.

Mukaika makobidi a zaka zosiyanasiyana pamzere, mumaona ndi maso mmene ndalama imathera mphamvu. Mu 64 AD Nero anachepetsa siliva wa mu denarius. Mu 215 Caracalla anatulutsa ndalama yatsopano imene lero timaitcha antoninianus. Ankaiwerenga ngati madenarius awiri koma siliva wake anali wa denarius imodzi ndi theka. Pofika cha m'ma 270 inali itasanduka mkuwa wopakidwa siliva pamwamba. Aliyense amene amatumiza ndalama kumudzi, n'kumaona zomwe zimagula chaka ndi chaka, sangavutike kufotokozera mwana nkhani imeneyi.

Chokoma chenicheni cha masewerawa ndi kuwerenga kobidi. Kutsogolo kumakhala mutu wa mfumu kapena wa mkazi wake, ndipo mozungulira mumakhala dzina ndi maudindo m'Chilatini chofupikitsa. IMP ndi imperator, mtsogoleri wa asilikali. AVG ndi Augustus, dzina la ulemu la mfumu. COS ndi consul, udindo wa chaka chimodzi, ndipo nambala yotsatirapo, monga COS III, imathandiza kudziwa nthawi imene kobidiyo inasulidwa. Dziwani kuti Aroma ankalemba V pomwe ife timalemba U. Kuseri kumakhala uthenga umene boma linkafuna kuti anthu amve: mulungu wina, chipata cha msasa wa nkhondo, asilikali awiri ataimirira ndi mikondo, kapena mmbulu ukuyamwitsa mapasa Romulus ndi Remus. Pa makobidi a m'ma 300, pansi pa chithunzi chakuseri pamakhala zilembo za mzinda umene anasulidwira: PLN ndi London, TR ndi Trier, SIS ndi Siscia, ALE ndi Alexandria. Mwana wazaka khumi ali ndi galasi lokulitsira zinthu amazigwira msanga zimenezi, nthawi zambiri kuposa bambo ake. Akazindikira zilembo zingapo, atha kufufuza kobidi yake pa Online Coins of the Roman Empire, kaundula waulere wa pa intaneti wotsatira mabuku a Roman Imperial Coinage amene anayamba kusindikizidwa mu 1923.

Musagule chilichonse chimene mwaona; sankhani mutu. Ena amasonkhanitsa makobidi a banja la Constantine, omwe ndi otchipa kuposa onse. Ena amafuna osulidwa ku London basi, komwe Carausius, mkulu wa asilikali apanyanja amene anadzilonga ufumu mu 286, anatsegula malo osulira ndalama. Mutu umene ine ndimaukonda kwa ana athu ndi wa Septimius Severus: anabadwira ku Leptis Magna, m'dziko lomwe lero ndi Libya, anakhala mfumu ya Roma mu 193, ndipo anamwalirira ku York mu 211. Madenarius ake, a mkazi wake Julia Domna ndi a ana awo Caracalla ndi Geta amapezeka mosavuta. Mwana amene akuphunzira za Aroma kusukulu ku Leeds kapena ku Manchester ndi bwino adziwe kuti mmodzi mwa mafumuwo anali wochokera ku Africa.

Pogula mpofunika kusamala. Makobidi achinyengo ndi ambiri, makamaka pamisika ya pa intaneti pomwe aliyense amagulitsa. Enieni ankasulidwa pomenya chitsulo ndi nyundo pakati pa zidindo ziwiri, choncho sakhala obulungira bwino ndipo ndi kovuta kupeza awiri ofanana ndendende. Achinyengo ambiri amathiridwa m'chikombole. Amakhala ndi kamzere m'mphepete, timaenje ngati ta thovu, ndi zilembo zofewa ngati zasungunuka. Mukaona WRL kapena COPY, dziwani kuti ndi chifanizo chogulitsira alendo. Gulani kwa wogulitsa amene amalonjeza molemba kubweza ndalama ngati kobidi ipezeka yabodza, ndipo mufunseni komwe inachokera.

Funso limeneli si lamwambo chabe. Mu 2020 kobidi yagolide ya Brutus, yokumbukira kuphedwa kwa Julius Caesar, inagulidwa ku London pa mapaundi oposa 3 miliyoni. Kenako zinadziwika kuti mapepala a mbiri yake anali abodza, ndipo mu 2023 inabwezedwa ku Greece. Mayiko monga Italy, Greece, Turkey ndi Egypt salola kutulutsa zinthu zakale popanda chilolezo, choncho musagule makobidi kwa ogulitsa mumsewu mukapita kokacheza kumeneko. Kwa munthu wokhala kunja pa viza, mlandu wotere ndi wosafunika n'komwe.

Chimodzimodzi mukafuna kufufuza nokha. Ku England, Wales ndi Northern Ireland kuli lamulo la Treasure Act la 1996: mukapeza pamalo amodzi makobidi awiri kapena kuposerapo agolide kapena asiliva a zaka zoposa 300, kapena khumi amkuwa, muyenera kunena kwa coroner wa deralo pasanathe masiku 14. Ku England ndi Wales ogwira ntchito a Portable Antiquities Scheme amathandiza pa zimenezi ndipo amalemba ngakhale kobidi imodzi. Ku Scotland chilichonse chakale chiyenera kunenedwa. Kulikonseko, simukumba popanda chilolezo cha mwini munda.

Kobidi ikafika pakhomo, dzanja limayabwa kufuna kuikwecha kuti iwale. Musatero. Khungu lobiriwira kapena lofiirira la pamwambalo latenga zaka mazana kuti lipangike, ndipo osonkhanitsa amalilemekeza. Viniga, mandimu, phulusa kapena mankhwala opukutira mapoto amalichotsa pamodzi ndi mtengo wa kobidiyo. Ngati ili ndi dothi, iviikeni m'madzi osungunulidwa a distilled kwa masiku angapo, muzipukuta ndi kamswachi kofewa, kenako muiumitse bwinobwino. Chobiriwira choopsa ndi cha ufa chotuwirako chimene chimachoka mukachikhudza: chimenecho chimadya mkuwa, ndipo kobidi yotero ipatuleni kwa zinzake. Gwirani kobidi m'mphepete, isungeni pouma m'kaenvelopu kapepala osati m'pulasitiki yofewa ya PVC, ndipo mwana alembe yekha pakaenvelopupo dzina la mfumu, zaka zake, mzinda wosulira, komwe munaigula ndi tsiku lake. Lisiti muisunge pamodzi ndi kobidiyo.